Mphini za Anangondo

Kamera ndinagula kwa Malizani atabwera kuchokera ku Joni,
lamba wake wothothoka, chitseko cha batire chomanga ndi mphira.
Kudina ndinaphunzira msanga:
mbuzi za pa Kaphatenga, ana opita kusukulu,
akabaza akuwodzera pa njinga zawo.
Koma zithunzi zimatuluka ngati ndajambulira m'nkhokwe,
nkhope zili bii, kumwamba kuli mbee.
Malizani anaseka. "Mphwanga, kamera imangodzala.
Kupalira n'pa kompyuta."

Ndiye ndinayamba kufunsafunsa.

Twaibu wobena nyimbo kuseri kwa depoti
anasolola fulashi m'sokosi, maso uku ndi uku.
"Iyi ndi ya akatswiri. Loko ndathyola kale. Faifi sauzande."
Ndinaiika.
Laputopu inatentha ngati mbaula,
fani ikulira ngati chigayo cha dizilo,
ndipo kutacha, chinkhoswe chonse cha kwa Khombedza
chinali chitasanduka zilembo zosawerengeka.
Mwini chinkhoswe mpaka lero sandiyankha moni.

Yovomerezeka ija imafuna madola mwezi ndi mwezi.
Ndinawerengera pa katoni ya sopo:
mpunga wa ku Lifuwu, ndowa ndi ndowa,
kupita kwa munthu amene sindidzamuona nkhope.
Ndinatseka bandulo isanathe.

Ya pafoni ndiyo inali yaulemu.
Batani limodzi lokha: dinani apa, mukongole.
Ndinayesera pa azakhali anga, Anangondo,
ali pa benchi lawo la tomato, mpango uli pambali.
Sipanathe ndi mpweya umodzi womwe.
Khungu linasalala ngati chidole chovekedwa diresi m'sitolo,
nkhope inayera, mphuno inasongoka,
ndipo mphini zitatu za pa tsaya lamanzere
zinasowa.
Pulogalamu inaziyesa litsiro.

Ndinapita kukawaonetsa, mano onse ali pamtunda.
Anagwira foni patali, anaibweretsa pafupi.
"Mayiyu ngokongola. Kwawo n'kuti?"
Kenako chala chawo chinakwera pa tsaya,
imodzi, ziwiri, zitatu,
ngati akuopa kuti ndazifufutadi.
"Izi ananditema amayi anga ndili namwali.
Iwo sanajambulidwepo.
Chithunzi chawo n'chomwechi."
Anabwerera kounjika tomato,
ine n'kutsala ndi mlendo wanga m'manja.

Usiku umenewo magetsi anabwera teni koloko.
Ndi bandulo yausiku ndinakoka yaulere ija,
imene Twaibu amati ndi ya anthu opanda zochita.
Inatseguka ndi mabatani ochuluka ngati nyerere pa shuga,
mawu ake achizungu cha m'mabuku.
Ndinafufuza batani la kukongola. Palibe.
Pali kachingwe kokokera kuwala,
kena ka mthunzi,
kena ka mtundu,
ndi kamuvi kobwerera m'mbuyo
kamene ndakadina kuposa tonse.

Sabata zitatu ndikulakwitsa.
Tsiku lina azakhali anatuluka obiriwira ngati nkhwani.
Tsiku lina ngati aima m'utsi wa uvuni wa njerwa.
Koma pang'ono ndi pang'ono mdima unasuntha pa chipumi,
thukuta linawala pamene linali,
ndipo mphini zija zinabwera poyera,
imodzi, ziwiri, zitatu,
popanda ine kuzikhudza.

Ndinakachapitsa ku boma, kukula ngati kope.
Anangondo anapukuta manja pa chitenje asanachilandire.
Anachiyang'ana nthawi yaitali,
kasitomala akudikira chenji.
"Eya. Uyu ndiye ine."
Kenako anakwinya nkhope.
"Koma tomato wanga safiira chonchi, mwanawe.
Anthu adzati ndimanama."

Ndabwerera pa laputopu.
Kachingwe ka mtundu ndakakokera m'mbuyo pang'ono.
Magetsi akapanda kuthima,
mawa ndikawaonetsanso.